A Gwaza ndi Masamba a Pamchere

Esinati wandiimbira foni dzana kuti ndikapereke kiyi wa shedi ya bambo ake ku Malaga, kuno ku Perth, mwini malo wapeza munthu wina wogulitsa matayala. Chaka chakwana chitisiyireni a Filimoni Gwaza, ndipo kiyiyo akadali m'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi. Ndinamuuza kuti bondo landigwira. Tsono Esinati ndi nesi. Anandifunsa kuti bondo liti, ndinati lamanzere, iye nkuti, "Ankolo, sabata yatha munati lamanja."

Ndipereka, ndilibe kothawira. Koma ndisanapereke ndati ndiyambe ndanena za munthuyu, chifukwa anthu a kuno ku Perth amangomukumbuka ngati mdala wopenga uja wa mthuthuthu. Kupenga anali nako, sindikana. Koma misala ina imakhala ndi kwawo.

Anali wamtali, wowonda ngati mtengo wa magetsi, ndipo tayi sankavula. Ovolosi yakuda ndi oyilo, koma m'kati tayi ali nga, akuti makina amalemekeza munthu amene wadzilemekeza. Anali mkulu kwa ine, choncho ndinkati achimwene, ngakhale kwawo kunali kumapiri a ku Dedza, ine wa ku Mchinji. Tonse tinabwera kuno mofanana: ana athu anatiitana kuti tidzapume, tikufika tinapeza kupumako ndi kuperekeza zidzukulu kusukulu nkumayankhidwa Chizungu chotulukira m'mphuno. Ambirife tinagonja, tinakhala pa sofa ku Balga, dera limene timakhala, nkumadikira Lamulungu. A Gwaza sofa inawakana. Ankakwera basi m'mamawa osadziwa kopita, mpaka tsiku lina inawatula ku Malaga, kumene kuli mashedi a owotcherera zitsulo ndi okonza magalimoto.

Kumeneko anakumana ndi Kevini, mzungu wokalamba, wowotcherera, wa mimba ngati mgolo, amene amatcha aliyense kuti "meti", kaya ndi m'busa kaya galu. Kuseri kwa shedi yake, pansi pa masaka, kunali njinga yamoto yachingelezi yakalekale, dzimbiri lokhalokha. Kevini amati a Gwaza atavundukula masakawo anavula chipewa. Inali ya mtundu womwewo umene ankayendetsa ali mnyamata, pamene anali mtumiki wa chipatala cha mishoni, wonyamula mankhwala ndi mauthenga.

Anaipatsa dzina loti Gonthi, chifukwa umachita kuikika mpaka thukuta isanakumve. Kevini anawabwereketsa kashedi koyandikana, ndipo ine ndinalembedwa ntchito yopanda malipiro yokhala pa ndowa nkumawanyoza. Ankaiphwasula, kuimanga, kuiphwasulanso. Bawuti iliyonse ankaitsuka ndi mswachi nkuiika m'zitini za nsomba. Ankati chitsulo sichinama, wonama ndi amene wachimanga. Ankatinso munthu wofulumira pomanga amachedwa pamsewu. Miyambi yawo yonse inali ya oyilo, ndipo yambiri ndikuganiza ankaipeka pomwepo kuti anditseke pakamwa.

Kevini ndiye anawalodza ndi nkhani ya mchere. Kutali kum'mawa, ukadutsa chipululu chonse, kuli nyanja youma. Madzi mulibe, ndi mchere wokhawokha, woyera, wosalala ngati simenti ya m'chipatala, mpaka kumene maso alekera. Kamodzi pachaka, kotentha kukamatha, amuna ndi akazi opanda zochita amakokera kumeneko magalimoto ndi njinga zawo zakale. Sapikisana ayi. Aliyense amathamanga yekha, molunjika, ndipo pakati pa njirayo pali chigawo chimene makina amayeza liwiro lako. Kulibe chikho chenicheni, kulibe mbuzi. A Gwaza anangoti Gonthi adzakwana mamailosi handiredi pa ola, iwo ali pamsana pake.

"Achimwene, kumapeto kwa njirayo kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu."

"Ndiye mukuthamangira chiyani?"

"Chomwecho. Kulibe mudzi, kulibe mtengo. A Zakeyo, inu munaonapo dziko lopanda mtengo ndi umodzi womwe?"

Ndinati dziko lotero ndi la Satana, iwo anangoseka nkupitiriza kupukuta pulagi. Yankho lija ndinalimvetsa mochedwa.

Chaka choyamba Gonthi sanathe. Chachiwiri anatha, tinamanga katundu, kenako uthenga unabwera kuti kwagwa mvula, mchere wasanduka phala, chaka chino kulibe. Chaka chinacho chimodzimodzi. Apa mpamene a Gwaza anayambana ndi mvula, Mmalawi woyamba kudana nayo chilengedwere dziko. Nthawi imeneyo kumudzi kunali ng'amba, ndipo mpingo wathu wa ku Balga unakonza mapemphero. Abusa anafuula kuti Ambuye tsegulani mazenera akumwamba, ivumbe paliponse. Tonse ameni. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu:

"Koma kwathu kokha, Ambuye. Musalakwitse adiresi."

Amayi a chigwirizano sanawapatse moni mpaka Pasaka.

Tinkaseka, koma nthawi inali ikuwadya. Anali ndi shuga, ndipo shugayo anakwera m'maso. Ndinayamba kuona kuti sipanala akuisankha ndi zala, osati ndi maso. Tsiku lina tikuchokera kokwerera basi, tsiku lotulutsa zinyalala, anaima pa geti la eni ake, manja pamodzi, nati, "Mwaswera bwanji, mayi?" Linali bini la chivindikiro chachikasu.

"Ayankha kuti aswera," ndinatero ine, "koma akudandaula kuti anthu akuwathira zinyalala."

Sanaseke. Anandigwira mkono mpaka kuwawa. "Mukamuuza Esinati, ine ndi inu tathana."

Sindinafunikire kumuuza. Nesi sabisiridwa diso. Ndinalipo tsiku limene anayambana, pakhomo pawo, Esinati atangofika kuchokera kuchipatala cha m'tauni, yunifolomu ili m'thupi. Anali atabisa helemeti.

"Ababa, dokotala wati chiyani?"

"Wati ndili bwino."

"Wati chiyani?"

"Wati chaka chino asaina kalata yondilola kuthamanga. Chamawa ndisadzabwerenso."

"Ndiye mwamva ngati chilolezo? Amayi sindinawaone ine. Nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi chimodzi. Mukufuna inunso ndikakutoleni pamchere ndi fosholo?"

A Gwaza anayang'ana manja awo. Kenako anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo: "Mwanawe, ndakupempha. Sindinakupemphepo kanthu chibwerere kuno. Kamodzi kokha."

Esinati analowa m'nyumba. Patapita nthawi helemeti inatuluka pawindo nkugwera pa kapinga.

Chaka chimenecho mvula sinalakwitse adiresi, mchere unauma gwa. Tinanyamuka pa pikapu ya Kevini, Gonthi atamangidwa pa ngolo kumbuyo ngati ng'ombe yopita kumsika. Ulendo wake ndi wamasiku, msewu wowongoka ngati chingwe, tchire lalifupi, ntchentche zosadziwa ulemu. Masana ena tinaima kuti injini izizire. Kevini anagona pansi pa ngolo nkuyamba nkonono. Ine ndi achimwene tinakhala mumthunzi wa pikapu, ndipo popanda kufunsidwa anayamba.

Anati mkazi wawo NaBanda atabereka Esinati kumudzi, magazi anakana kuleka. Azamba anatumiza uthenga kumishoni, asisitere nkupeza kuti jekeseni yoletsa magazi yatha. Anatuma a Gwaza kuboma pa njinga ija. Kupita anauluka. Koma chinali chaka cha chikuku, ana ankafa ngati nkhuku za chitopa, ndipo pobwerera, podzera njira yachidule ya kumudzi, anapeza masamba pamsewu. Paja kwathu pakagwa maliro timayala nthambi zaziwisi pamsewu, wa galimoto achepetse liwiro, wa njinga atsike, chipewa m'manja, akankhe mpaka apitirire masamba achiwiri. A Gwaza anazimitsa injini, anatsika, anakankha. Kukika kuti idzukenso, njinga yosamva ija, nthawi ikupita. Mudzi wotsatira, masamba. Anatsika. Wotsatiranso, masamba.

"Jekeseni ili m'thumba muno, a Zakeyo. Palibe akanandigwira. Ndikanangodutsa nkudzapepesa mawa ndi nkhuku. Koma anthu ali pamphasa akundiyang'ana, mwana wa a Gwaza, wa kumishoni. Dzanja linkangotseka moto lokha."

Masamba omaliza anawapeza pa mphambano yolowera kwawo. Anatsikanso, chipewa m'manja, akukankha. Anakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni, namufunsa mwaulemu, "Atisiya ndani?" Mayiyo atawazindikira anatula nkhuni pansi. Masambawo anali a NaBanda.

"Chiyambire tsiku limenelo ndimawerengera. Ndikanapanda kutsika paja, ndi paja. Mwina njingayo inali yofooka, ngakhale ndikanadutsa sindikanafika. Mwina ayi. Ndikufuna ndiitsegule yonse kamodzi, pamalo popanda masamba, ndimve m'thupi mwangamu kuti inkatha kuthamanga bwanji."

Ine pakamwa panga sipasowa chonena, anthu a ku Balga ndi mboni. Tsiku limenelo ndinangotola kamwala nkukaponya kutchire.

Mchere uja, abale, musamve za wina. Umawala mpaka mano kuwawa. Dzuwa limakuwotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndinapsa kunsi kwa chibwano, malo amene sindinkadziwa kuti dzuwa limawadziwa. Ndinanyambitako pang'ono kuti nditsimikize, Kevini nkuuza anzake kuti ndi mwambo wa kwathu. Oyang'anira anamuyendera Gonthi bawuti ndi bawuti, anawayesa a Gwaza kuthamanga pang'onopang'ono pa kanjira ka ophunzira, zonse zinayenda. Azungu anawakonda. Mdala wakuda wa tayi m'kati mwa chovala chachikopa cha mpikisano, ankachita kupanga mzere kuti ajambulitse naye.

Tsiku lawo la njira yaikulu tinadikira pamzere kuyambira m'mawa, ndipo mpata unapezeka dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mchere umanyezimira ngati madzi. Gonthi anadzuka pa kukika koyamba, chinthu chimene sanachitepo. A Gwaza anamanga helemeti, nandiyang'ana, kapena kuyang'ana kumene ankaganiza kuti ndili.

"Mukakafika kumwamba mukandisungire malo apawindo," ndinatero.

"Kumene mukupita inu kulibe mawindo."

Woyambitsa anatsitsa dzanja. Ananyamuka.

Kevini anali ndi magalasi oonera patali, ine ndinali ndi makutu. Ndinamva giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kulira kukukwera, kukuwongoka, mpaka kunasanduka kamzere kamodzi koonda ngati udzudzu. Kevini ankangoti, "Pita, meti, pita," akundimenya paphewa. Anati wagona pa thanki, akuyenda bwino, akuyandikira poyezera.

Kenako kulira kuja kunatsika. Sikunadukize ngati injini yafa, kunatsika bwinobwino, mwaulemu. Kenako zii.

"Waima," anatero Kevini. "Watsika. Akuvula helemeti. Akuchita chiyani? Akukankha."

Ine ndinadziwa. Ndinakhala pansi pamchere.

Poyambira chigawo choyezera amaikapo zikwangwani za nsalu, china uku china uku, kuti wothamanga adziwe kuti wafika. Zinali zobiriwira. Kwa munthu wa maso abwino ndi zikwangwani ziwiri m'mbali mwa njira. Kwa maso a shuga, pa liwiro limenelo, mchere ukunyezimira, zinalumikizana nkukhala mzere umodzi wobiriwira wopingasa njira. Ndipo chapatali pambali panali tenti ya oyeza liwiro, anthu atakhala pamipando mumthunzi, duu. Tsono pa njinga yamoto dzanja lamanja ndi limene limapotokola moto. Dzanja lija silinafunse mutu.

Tinathamangira komweko pambuyo pa galimoto ya opulumutsa. Mtsikana woyang'anira chitetezo, msinkhu wa Esinati, ndiye anayamba kuwapeza. Anatiuza pambuyo pake kuti mdalayo anamuweramira, helemeti ili pachifuwa, namufunsa kanthu m'chinenero chathu. Anayesa kubwereza mawuwo, lilime likupotoka. Sindinamumasulire.

Pamene tinkafika anali atazindikira. Anali ataima pafupi ndi chikwangwani chija, akuchisisita ndi zala. Mtsikanayo anawalozera nambala yaikulu yolembedwa pa chikwangwani chotsatira nati awerenge. Anatchula ina. Anawalozera galimoto yofiira, iwo anati tenti.

Munthu uja, amene sanagwadirepo bwana kapena m'busa, anagwada pamchere pamaso pa mwana. Chizungu chinawathawa, ankasakaniza. Ankati tsopano adziwa kuti ndi nsalu, sadzaimanso, awapatse mpata umodzi, akatero njingayo aitenge, aiwotche, iwo sadzabweranso. Kevini anakalipa, anatukwana, anachonderera. Mtsikanayo misozi inali m'maso koma mutu ankapukusa. Sindimuda. Akanakhala mwana wanga ndikanamuuza kuti apukuse chomwecho.

M'mawa mwake a Gwaza anaitana Kevini nampatsa helemeti. Ine ndinati achimwene zisiyeni, tiyeni tizipita, zina ndi bwino kusazidziwa. Anati anabwera kudzafunsa funso, sabwerera nalo. Kevini anakwera, mimba yonse ija pa thanki. Ife tinaima poyambira, iwo atatseka maso, akumvetsera. Kulira kunakwera, kunawongoka, sikunatsike mpaka kunazimirira kokha kutali. Wailesi ya woyambitsa inatchula liwiro. Gonthi anapitirira handiredi, ndi katundu wolemera kuposa mwini wake.

Azungu anaomba m'manja, ena kuwagwira chanza. Iwo anayamika aliyense. Titatsala awiri anati, "Mwamva, a Zakeyo? Njinga sinalakwe. Ngakhale tsiku lija."

Ndinayesa. Ndinati njira ya ku Dedza si mchere, kuli mabampu, kuli mitsinje, handiredi akanaipeza kuti? Ndinati jekeseni si Mulungu. Ndinati amene anatsika pa maliro a ana a eni sangakhale wolakwa. Anangondisisita pabondo ngati akutonthoza mwana. Ulendo wonse wobwerera sanatchule mwambi ndi umodzi womwe.

Anakhalako ndithu pambuyo pake, maso akuzima pang'onopang'ono. Ku Malaga ankapitabe, ine ndikuwagwira mkono pokwera basi. Gonthi sanamulizenso. Ankangokhala pambali pake nkumapukuta thanki, tayi ali pakhosi. Mchere umene unamatirira kunsi kwa madigadi anakana kuutsuka, ngakhale Kevini ankati udya chitsulo. Anamwalira m'chipatala chomwe amagwira Esinati, impso zitatopa. Nkhani ya masamba Esinati anaimva kwa ine, pakhonde la chipatalacho. Anangoti, "Nchifukwa chake sankakondwerera tsiku langa lobadwa," nabwerera m'kati kukawatseka maso.

Tsiku la mwambo wa maliro kunyumba kwawo ku Balga, ndinabwereka chikwanje nkukasadza bulugamu wa kuseri kwa mpanda. Mtengo umenewu kwathu timauyesa wathu, pomwe kwawo ndi kuno. Ndinayala nthambi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba. Achinyamata athu ogwira ntchito kumigodi anati ankolo mutimangitsa, kuno sachita zimenezi. Ndinati akandimanga mudzandibweretsere fodya.

Magalimoto ankangoponda. Wina analiza hutala, wina anatsitsa galasi nkunditukwana za zinyalala. Masamba anaphwanyika, fungo la bulugamu lili thoo msewu wonse, ine ndikuwabwezeretsa ndi phazi. Ndinayamba kudziona chitsiru.

Kenako kumtunda kunamveka kugunda ngati mvula ya matalala pa malata. Njinga zakalekale, mzere wautali, madala a kumchere aja, ndevu zoyera, zikopa zothetheka. Kutsogolo Kevini, pa Gonthi. Atafika pa masamba anakweza dzanja. Injini zinazima imodziimodzi. Anatsika onse, anavula mahelemeti, nayamba kukankha, akupuma mwaphuma, ena akutsimphina, kudutsa pakhomo pamene amayi ankaimba, mpaka kupitirira masamba achiwiri. Galimoto zimene zinali kumbuyo kwawo zinalibe kolowera, zinayenda pang'onopang'ono ngati nazonso zaphunzitsidwa. Esinati anatuluka nkuima pa geti. Kevini podutsa anangoti, "Pepani, meti," m'Chichewa chokhacho chimene anali nacho.

Dzulo ndinapita ku Malaga ndekha, bondo lililonse lili bwino. Gonthi ali kwa Kevini tsopano. Zitini za nsomba zikadali pa shelefu, mabawuti ali m'kati monga mwa misinkhu yawo. Ndowa yanga ili pomwe ndinaisiya, ndipo pa msomali pali tayi wa oyilo kunsonga. Pakati pa simenti pali banga lakuda pamene injini inkadontha, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kwake, pamene panali matayala, pali timizere tiwiri toyera ta mchere umene unkayoyoka. Wadya simentiyo, wakumba timaenje. Ndinayesa kusesa kuti wa matayala apeze poyera, tsache linangodutsa pamwamba. Ndinatsitsa chitseko, ndipo ndili kokwerera basi ndinapeza kuti chipewa chikadali m'manja.